Zala ziwiri patsogolo pa maso: mbiri ya chithandizo chimene chinabadwira m'paki

Tsiku lina m'chaka cha 1987, mayi wina wa zaka 39 ankawongola miyendo m'paki ina ku California, m'dziko la America. Dzina lake anali Francine Shapiro. M'mutu mwake munali ganizo lomusowetsa mtendere, la mtundu uja munthu amati walipirikitsa koma pakangopita kamphindi labweranso. Ali chiyendere, anangozindikira kuti ganizolo lazilala lokha. Atalikumbukira dala, anapeza kuti silikumuluma ngati poyamba. Wina akanangoti kamphepo kayeziyezi kamuthandiza, n'kubwerera kunyumba. Shapiro anayamba kudziyang'anitsitsa, ndipo anaona kuti ganizo lowawa likangofika, maso ake ankathamanga okha uku ndi uku mofulumira. Kenako anachita dala: anakumbukira chinthu china chomupweteka kwinaku akuyendetsa maso, ndipo ululu unachepanso.

Nkhani ya m'pakiyi anaifotokoza yekha, panalibe mboni, ndipo ena mwa omutsutsa amaikayikira mpaka lero. Koma chimene chinatuluka m'menemo palibe angachikane. Ndi njira yothandizira anthu ovulala mumtima imene imadziwika ndi zilembo zinayi, EMDR, ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'zipatala za m'mayiko ambiri. Inayamba ndi kunyozedwa ngati usinga'nga wachinyengo, kenako inavomerezedwa ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, akatswiri asanamvane n'komwe za chimene chimaichititsa kugwira ntchito.

Shapiro sanakulire m'chipatala. Anabadwira ku Brooklyn mumzinda wa New York mu 1948, anaphunzira za mabuku a Chingelezi pa Brooklyn College, n'kukhala mphunzitsi. Anali mkati mwa maphunziro apamwamba pa New York University, akufufuza ndakatulo za Thomas Hardy, pamene mu 1979 madokotala anamupeza ndi khansa ya m'mawere. Anachira, koma matendawo anamusiyira funso limene silinamuchoke: kodi nkhawa ndi mantha zimachita chiyani m'thupi la munthu, ndipo munthu angatani nazo? Anasiya ndakatulo, anasamukira ku California, nayamba maphunziro a zamaganizo pa sukulu ina yaing'ono ya ku San Diego. Pa tsiku la m'paki lija n'kuti akufunafuna mutu wa kafukufuku woti amalizire digiri yake.

Bala limene anasankha kulimbana nalo linali litangolandira kumene dzina. Kuyambira kale madokotala ankaona asilikali obwera kunkhondo akunjenjemera, osalankhula, ena akukuwa kutulo, pathupi popanda chilonda. Mu 1915 dokotala wa ku Britain, Charles Myers, analemba za vutoli m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, akuganizira za kuphulika kwa mabomba. Akuluakulu ambiri a asilikali ankangoti ndi mantha. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, Britain inawombera asilikali ake 306 pa milandu ngati kuthawa nkhondo ndi mantha, ndipo boma linawakhululukira mu 2006, onse atawola kalekale m'manda. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1970, pamene asilikali obwera ku Vietnam anayamba kukumana m'timagulu n'kumauzana zimene zinkawachitikira usiku, ndipo amayi ogwiriridwa nawonso anakana kukhala chete. Mu 1980 buku lalikulu la matenda a maganizo la madokotala a ku America linalemba dzina latsopano, PTSD.

Wodwala PTSD sakumbukira monga mmene ena amakumbukirira. Kwa munthu wamba, ngozi ya zaka zisanu zapitazo ndi nkhani: amaifotokoza, amapukusa mutu, n'kupitiriza kudya nsima. Kwa uyu, tayala likangophulika pamsewu kapena fungo la petulo likamudutsa pamphuno, ngoziyo imachitika tsopano lino. Mtima umagunda ngati ng'oma, thukuta lili kamukamu, miyendo ikufuna kuthawa. Amalambalala msewu umene zinachitikira, amaopa tulo chifukwa cha maloto, amapsa mtima ndi ana ake popanda chifukwa. Amadziwa bwinobwino kuti zinatha, koma thupi silinamve uthengawo.

Muzu umodzi wa njira ya Shapiro uli kum'mwera kwa Africa. Joseph Wolpe, wobadwira ku Johannesburg mu 1915, anali dokotala wa asilikali a South Africa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Anaona kuti kuwapatsa mankhwala owagonetsa pang'ono kuti aulule zakukhosi sikunkawachiza kwenikweni. Nkhondo itatha anayamba kuyesa pa amphaka ku yunivesite ya Witwatersrand. Mphaka woopsezedwa ndi magetsi m'khola ankakana kudyeramo, koma Wolpe akamudyetsera kutali, mawa pafupi pang'ono, mkuja pafupi kwambiri, mantha ankatha. Anthu anawachitira chimodzimodzi: kuwaphunzitsa kumasula thupi, kenako kuwayandikizitsa ku chimene amaopa pang'onopang'ono. Iye ndi amenenso anapanga sikelo yoti wodwala azinena yekha kukula kwa ululu wake ndi nambala. Shapiro anabwereka sikeloyo, anabwerekanso mawu a Wolpe onena za kuziziritsa mantha, n'kutcha njira yake Eye Movement Desensitization, kutanthauza kuziziritsa ululu poyendetsa maso.

Anayamba ndi anzake ndi ophunzira anzake, anthu pafupifupi 70. Posakhalitsa anaona kuti ambiri sankatha kuyendetsa maso okha mmene iye ankachitira, choncho anaimika zala ziwiri patsogolo pa nkhope zawo n'kumaziyendetsa, kumanzere kumanja, kuti maso azitsatira. Apa ndi pamene panabadwira chithunzi chimene dziko lonse limaidziwira njirayi. Kenako anatenga anthu 22 amene anakumanadi ndi zoopsa, asilikali a ku Vietnam ndi anthu ogwiriridwa, ena anachitidwa nkhanzazo ali ana. Zotsatira zake zinatuluka mu 1989 m'magazini ya Journal of Traumatic Stress, ndipo zinali zovuta kukhulupirira: atakumana naye kamodzi kokha, anthu amene anavutika zaka zambiri ananena kuti chikumbukiro chawo sichikuwapwetekanso, ndipo patapita miyezi itatu ankanenabe chimodzimodzi.

Kafukufukuyo anali ndi mabowo ooneka. Anthu anali ochepa, wopereka chithandizo anali mwini njirayo, ndipo umboni waukulu unali mawu a odwalawo. Koma Wolpe, amene panthawiyi n'kuti ali nkhalakale yolemekezeka ku America, anachita naye chidwi. Anasindikiza nkhani ina ya Shapiro m'magazini yake, anayesa njirayo pa wodwala wake, ndipo mu 1991 analemba kuti yathandiza. Mawu a mkulu ngati ameneyo anatsegula zitseko zimene mphunzitsi wakale wa Chingelezi sakanatha kutsegula yekha.

Chaka chomwecho cha 1991 dzina linatalika ndi chilembo R, cha mawu akuti Reprocessing. Shapiro anali ataona kuti odwala sankangozizira mtima. Ankasinthanso kamvedwe ka zimene zinawachitikira. Mayi amene kwa zaka 20 ankati linali vuto lake, pakati pa chithandizo ankatulukira yekha kuti panthawiyo anali kamwana, wolakwa anali wamkulu uja. Shapiro anafotokoza kuti ubongo uli ngati thupi: ukadzicheka, chilonda chimapola chokha, pokhapokha ngati mkati mwatsalira munga. Chochitika choopsa kwambiri chimakhala chosagayika, chosungidwa ndi zithunzi zake, phokoso lake ndi mantha ake a tsiku lomwelo, chosalumikizana ndi zonse zimene munthuyo waphunzira pambuyo pake. Ntchito ya mlangizi ndi kuzula mungawo basi, kupoletsa n'kwa mwini thupi.

Anthu amene amangoona zala amaganiza kuti ndiye chithandizo chonse, pamene buku la Shapiro la 1995 linaika magawo 8, ndipo zalazo zimayamba pa gawo lachinayi. Mlangizi amayamba wamva mbiri ya munthuyo, n'kumuphunzitsa njira zodzikhazikira mtima pansi, monga kuona m'maganizo malo amene amamva kuti ndi otetezeka. Akatero amasankha chikumbukiro chimodzi. Amafunsa chithunzi chowawa kwambiri cha tsikulo, mawu oipa amene munthuyo amadzinenera akachiona, monga akuti ndine wopanda pake kapena ndikufa, ndi mawu amene akadakonda kukhulupirira m'malo mwake. Amafunsa pamene ululu wakhala m'thupi, kaya pachifuwa, pakhosi kapena m'mimba, ndi kukula kwake kuchokera pa 0 kufika pa 10. Ndiyeno zala zimayenda kwa masekondi pafupifupi 30, n'kuima. Pumani, mwaona chiyani? Wodwala amayankha mwachidule, mwina chithunzi china, mwina mkwiyo, mwina kulemera kwa mapewa. Mlangizi samutsutsa, samulalikira. Amangoti pitirirani nazo, zala n'kuyambanso. Shapiro ankauza odwala kuti akhale ngati ali m'sitima, akuona mitengo ndi midzi ikudutsa pawindo. Amabwereza mpaka nambala ija itatsikira pansi, kenako amalimbitsa mawu abwino aja, n'kuyendera thupi lonse m'maganizo kuti aone ngati patsala polimba.

Chimodzi chimene chinakopa anthu n'chakuti wodwala sakakamizidwa kufotokoza zonse. Njira zina zodalirika za nthawiyo zinkafuna kuti munthu anene nkhani yake mwatsatanetsatane, kangapo, ndi kukamvetsera tepi ya mawu ake kunyumba tsiku lililonse. Zimathandiza, koma alipo anthu amene manyazi amawatseka pakamwa. Kwa msilikali amene anachita zosaneneka, kapena mtsikana amene anagwiriridwa ndi wachibale, mwayi wochira popanda kutchula chilichonse ndi dzina si chinthu chochepa.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990, alangizi zikwizikwi anali ataphunzira njirayi pa maphunziro olipira a masiku ochepa, ndipo poyamba ankasaina kuti sakaphunzitsa ena. Shapiro ankati akuteteza odwala ku manja osadziwa, omutsutsa ankati akuteteza malonda. Chinawakwiyitsa kwambiri n'chakuti mbiri inathamanga kusiya umboni m'mbuyo. Mu 1999 Richard McNally wa ku Harvard analemba nkhani yoyerekeza EMDR ndi zochita za Franz Mesmer, dokotala amene anagwedeza mzinda wa Paris poyendetsa manja pa odwala n'kumati akuwongola mphamvu yosaoneka ya m'thupi, mpaka komiti ya mfumu, momwe munali Benjamin Franklin, inapeza mu 1784 kuti mphamvuyo kulibe. Gerald Rosen ndi Gerald Davison anapereka fanizo lina mu 2003. Tengani munthu woopa kuyendetsa galimoto, mum'phunzitse pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, koma mum'veke chipewa cha mtundu wa pepo. Akachira, mulengeze kuti chamuchiza ndi chipewa, n'kuyamba kugulitsa zipewa. Kwa iwo, maso anali chipewacho, ndipo chochiza chenicheni chinali chakale chija cha Wolpe, kuyang'anizana ndi chimene umaopa.

Sankalankhula zopanda mutu. Mu 2001 Paul Davidson ndi Kevin Parker anasonkhanitsa akafukufuku 34 n'kupeza kuti EMDR imathandizadi kuposa kukhala osalandira chithandizo, koma siiposa njira zakale zija, ndipo kuchotsamo kuyendetsa maso sikunkasintha zambiri. Shapiro mwini anali atavomereza kale kuti m'malo mwa maso mungagwiritse ntchito kugogoda m'manja mosinthanasinthana kapena kaphokoso kolira khutu ili kenako linalo, ndipo pambuyo pake ananena kuti akanakhala kuti akuyambiranso, sakanaika maso m'dzina la njirayo. Otsutsa anafunsa funso loyenera: ngati chilichonse chingalowe m'malo mwa maso, chatsopano n'chiyani?

Akatswiri ali mkati mokangana m'magazini, njirayo inali itapita kale kumene kunali misozi. Pa 19 April 1995 bomba linagumula nyumba ya boma ya Alfred P. Murrah ku Oklahoma City n'kupha anthu 168, mwa iwo ana 19. Alangizi odziwa EMDR anapita kukathandiza opulumuka ndi ogwira ntchito yopulumutsa anthu popanda malipiro, ndipo kuchokera pamenepo panabadwa bungwe lothandiza pa ngozi limene pambuyo pake linakaphunzitsa alangizi kumayiko a ku Balkans, ku Turkey chitachitika chivomezi cha 1999, ndi kumayiko amene anakokoloka ndi madzi a tsunami mu 2004.

Koma chinthu chokongola kwambiri m'mbiri yonseyi chinachokera ku Mexico. Mu October 1997 namondwe wotchedwa Pauline anagwetsa mvula yoopsa pa mzinda wa Acapulco, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri n'kukwirira nyumba za amphawi, anthu mazanamazana anafa. Lucina Artigas ndi Ignacio Jarero atapita kukathandiza opulumuka, anapeza ana ochuluka moti kuimika zala patsogolo pa mwana aliyense payekha kunali kosatheka. Artigas anawaphunzitsa kudzichitira okha. Mwana amapingasa manja pachifuwa, zala zili m'munsi mwa mafupa a m'khosi, n'kumadzigogoda pang'onopang'ono, dzanja ili kenako linalo, ngati mapiko a gulugufe. Ankajambula papepala zimene anaona, kuloza nkhope yosonyeza mmene akumvera, kuchita gulugufe uja, n'kujambulanso. Chithunzi chachinayi nthawi zambiri sichinkafanana ndi choyamba. Kukumbatira kwa gulugufe, monga mmene amakutchulira, sikufuna magetsi kapena makina, ndipo kwafika m'misasa ya othawa nkhondo kumene dzina la Shapiro silinamvekeko.

Funso la maso linayamba kupeza yankho kuchokera kwa anthu amene sanali ophunzira a Shapiro. Mu 1997 Jackie Andrade, David Kavanagh ndi Alan Baddeley anasonyeza kuti munthu akamayendetsa maso uku akukumbukira chithunzi, chithunzicho chimachita chimbuuzi. Marcel van den Hout ndi Iris Engelhard a ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anafufuza zimenezi kwa zaka zambiri. Malo amene ubongo umagwirira ntchito ya pakanthawi ndi ochepa, ali ngati mafuwa amodzi ofuna kutereka miphika iwiri. Ukaterekapo chikumbukiro choopsa n'kuwonjezapo ntchito yotsatira zala, chikumbukirocho sichipeza moto wokwanira, ndipo chikabwerera kosungidwa chimabwerera chitazilala. Anapeza kuti kuwerengera chobwerera m'mbuyo kapena kusewera masewera a pakompyuta otchedwa Tetris kumachitanso zomwezo, pamene kaphokoso ka m'makutu kamene alangizi ambiri anali atakakonda kanali kofooka poyerekeza ndi maso. Robert Stickgold wa ku Harvard anapereka ganizo lina mu 2002, loti njirayi imatsanzira gawo la tulo limene maso amathamanga munthu akulota. Mu 2013 Christopher Lee ndi Pim Cuijpers anawerenganso akafukufuku 26 n'kupeza kuti maso amawonjezadi kanthu, osati kozizwitsa, koma kooneka.

Chaka chomwecho WHO inatulutsa malangizo ake, n'kutchula njira ziwiri zochizira PTSD mwa ana, achinyamata ndi akuluakulu: chithandizo chokambirana ndi mlangizi chotchedwa CBT cholunjika pa zoopsa, ndi EMDR. Bungwe la zaumoyo la NICE ku Britain linali litavomereza kale mu 2005. Bungwe la akatswiri a zamaganizo ku America linakhalabe losamala, ndipo mu 2017 linaivomereza koma osati ndi mtima wonse, pansi pa njira zina. Chilungamo chake n'chakuti mbali zonse ziwiri zinapambana pena n'kugonja pena. EMDR si yachinyengo, komanso si yoposa zonse monga ankalengezera oikonda oyambirira.

Pali kafukufuku mmodzi amene anaonetsa malire ake momveka kuposa onse. Mu 2007 Bessel van der Kolk ndi anzake ku Boston anagawa odwala 88 m'magulu atatu: ena EMDR, ena mankhwala a fluoxetine odziwika kuti Prozac, ena mapiritsi opanda mankhwala, kwa milungu 8. Patapita miyezi 6, mwa olandira EMDR amene zoopsa zinawagwera atakula, 75 pa 100 alionse analibenso zizindikiro za matendawo. Mwa amene anavulazidwa ali ana, anali 33 okha pa 100. Pagulu la mankhwala panalibe ndi mmodzi yemwe. Oikonda njirayi amakonda kutchula nambala yoyamba ndi yomaliza. Yofunika kuisinkhasinkha ndi yapakatiyo.

Ngozi ya basi ili ndi tsiku lake, ola lake, chithunzi chake. Koma munthu amene anakula akulira popanda womunyamula, amene mayi ake lero ankamukumbatira mawa n'kumukankha, amene ankasamutsidwa kuchoka kwa azakhali kupita kwa amalume ngati katundu, adzasankha chithunzi chiti? Bala lake si la chimene chinachitika tsiku limodzi. Nthawi zambiri ndi la chimene sichinachitike tsiku lililonse. Limaonekera atakula: kuopa kusiyidwa mpaka kutopetsa womukonda, kapena kuthawa aliyense womuyandikira, kapena zonse ziwiri pa tsiku limodzi.

Mtsinje wa nzeru zimenezi unachokera kwina, kale Shapiro asanalowe m'paki. John Bowlby, dokotala wa ku London wobadwa mu 1907, analeredwa ndi mlezi amene anachoka iye ali ndi zaka pafupifupi zinayi, ndipo chisoni chimenecho sanachiiwale. Mu 1944 analemba za ana 44 amene ankaba. Mwa iwo 14 anali ouma mtima, osakonda munthu aliyense, ndipo 12 mwa 14 amenewo anali atasiyanitsidwa ndi amayi awo kwa nthawi yaitali ali aang'ono. Mu 1951 analembera WHO lipoti lonena za ana amasiye a pambuyo pa nkhondo. Mfundo yake inali yakuti khanda silikangamira mayi chifukwa cha bere lokha. Kukangamirako ndi njala payokha. Akuluakulu akale amene ankati m'mera mpoyamba sakanadabwa nazo, koma madokotala a ku Ulaya a nthawi imeneyo, amene ankaloleza makolo kuona mwana wogonekedwa m'chipatala mwa apo ndi apo, anamutsutsa kwambiri.

Umboni unapezeka ku Uganda. Mary Ainsworth, amene anagwirapo ntchito ndi Bowlby pa Tavistock Clinic, anafika ku Kampala mu 1954 potsatira mwamuna wake amene anapeza ntchito kumeneko. Anali atamva kuti Aganda amatumiza mwana kwa agogo pomuletsa kuyamwa kuti aiwale bere, ndipo ankafuna kuona mmene ana amachitira. Anapeza kuti mwambowo unali utayamba kutha, choncho anangokhala pansi n'kumaonerera. Kwa miyezi mpaka 9 ankayendera mabanja 26 a m'midzi yozungulira Kampala, milungu iwiri iliyonse, maola awiri pa khomo lililonse. Anaona mwana akukwawa kuchoka pa miyendo ya mayi ake, kukagwira ichi ndi icho, kucheuka, kubwerera kudzakhudza mayi, n'kupitanso patali pang'ono. Ana a amayi amene ankamva msanga kulira kwawo ndi amene ankalira pang'ono n'kumayenda molimba mtima. Buku lake la Infancy in Uganda linatuluka mu 1967, ndipo atapita ku Baltimore anapanga kayesedwe ka mphindi pafupifupi 20, kosiya mwana ndi mlendo n'kuona mmene alandirire mayi ake pobwera. N'zomvetsa chisoni kuti mabuku ambiri amakumbukira chipinda cha ku Baltimore n'kuiwala makonde a amayi a ku Uganda kumene zonsezi zinaonekera koyamba.

Mitsinje iwiriyi inakumana mochedwa. Alangizi amene ankagwiritsa ntchito EMDR pa anthu ozunzidwa kuyambira ubwana anaona kuti ena akangouzidwa kuona malo otetezeka m'maganizo, ankasowa poyambira, chifukwa sanakhalepo ndi malo otero. Ena zala zikangoyamba ankamira m'zikumbukiro zambiri nthawi imodzi, kapena kuzimiririka, thupi lili pampando mwini wake kulibe. Mu 2002 Deborah Korn ndi Andrew Leeds analemba za njira yoyamba yalimbitsa munthu asanakhudze bala. Laurel Parnell anapita patsogolo m'buku lake la 2013, Attachment-Focused EMDR. Iye amapempha wodwala kuti aone m'maganizo munthu wachifundo, wina womuteteza, wina wanzeru. Angakhale agogo amene anamwalira kale, mphunzitsi wa kupulayimale, ngakhale nyama yolera ana ake. Kenako amagogoda pang'onopang'ono kuti thupi limve kukoma kwa kusamalidwa kumene silinakumvepo. Amasintha ndondomeko ya Shapiro pamene aona kuti ikumuvuta wodwala, ndipo amanena poyera kuti ubale wa mlangizi ndi wodwala ndi mbali ya mankhwalawo.

Apa mpofunika kunena mosabisa. Kuti EMDR imathandiza akuluakulu odwala PTSD yochokera ku nkhanza za paubwana, umboni ulipo. Kafukufuku wa 2020 wa anthu 155 ku Australia, Germany ndi Netherlands anapeza kuti mwa amene analandira EMDR, atakumana ndi mlangizi maulendo 12, ambiri anapeza bwino kwambiri. Ad de Jongh ndi anzake ku Netherlands amafika ponena kuti kukonzekeretsa wodwala kwa miyezi yambiri n'kumuchedwetsa chabe, ndipo ali ndi chithandizo cha masiku 8 okha. Koma kunena kuti zala zingamangenso mwa munthu chikhulupiriro chimene chinasweka ali kumsana, kuti wokula wosakondedwa aphunzire kudalira mnzake, zimenezo zaima kwambiri pa nkhani za alangizi ndi odwala awo kusiyana ndi kafukufuku wamkulu. Zingakhale zoona, ndipo ambiri amachitira umboni. Koma wolonjeza kuchiza ubwana wonse pa maulendo atatu akubwereza kulakwa kwa m'ma 1990, ndipo wovulala nazo ndi munthu amene anakhumudwitsidwa kale ndi anthu amene ankawadalira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa mabala a mtundu uwu kudekhako kumafunika kwa onse awiri okhala m'chipindamo. Shapiro mwini anaumirira moyo wake wonse kuti njirayi ikhale m'manja mwa anthu ophunzitsidwa bwino za matenda a maganizo, ndipo pamenepa ngakhale adani ake sanamutsutse.

Mu February 2019 magazini ya Nature inasindikiza kafukufuku wa gulu la Hee-Sup Shin ku South Korea. Mbewa zimene zinaphunzitsidwa kuopa kaphokoso kena zinasiya manthawo kwa nthawi yaitali pamene kaphokosoko kankalira limodzi ndi magetsi oyaka motsatizana kumanzere ndi kumanja, ndipo akatswiriwo analondola njira ya mu ubongo imene inkaziziritsa malo osungira mantha. Mbewa si munthu, koma mbewanso siikhulupirira chipewa. Patangopita miyezi inayi, pa 16 June 2019, Francine Shapiro anamwalira ali ndi zaka 71.

Patapita zaka ziwiri, mu May 2021, anthu mamiliyoni ambiri anaona njira yake kwa nthawi yoyamba pa kanema. Mu pulogalamu ya The Me You Can't See, imene anakonza ndi Oprah Winfrey, Prince Harry wa ku Britain analola kujambulidwa akulandira chithandizo. Mayi ake, Diana, anafa pa ngozi ya galimoto ku Paris mu 1997 iye ali ndi zaka 12, ndipo anafotokoza kuti kwa zaka zambiri ndege ikamayandikira London ankagwidwa ndi nkhawa, akumva ngati nyama yosakidwa yopanda kothawira. Mlangizi wake, akulankhula naye pa kompyuta, anamupempha kuti akumbukire ulendo woterowo ndi kunena pamene akumva ululu m'thupi. Harry anatsinzina, anapingasa manja pachifuwa, nayamba kudzigogoda pamapewa, dzanja ili kenako linalo, monga mmene Lucina Artigas anaphunzitsira ana a m'mapiri a Acapulco.